Msonkhano wa Zombo pa Chithunzi cha Van de Velde

Nkhani yathu lero ikuchokera kutali, ku Amsterdam m'dziko la Netherlands. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Rijksmuseum muli chithunzi chopanda utoto wamitundumitundu, chojambulidwa ndi nthenga ndi inki pansalu yoyera. Mmisiri wake anali Willem van de Velde wamkulu, amene anamwalira m'chaka cha 1693. Timamutcha wamkulu chifukwa mwana wake, nayenso wojambula, anali ndi dzina lomwelo.

Chithunzicho chikuonetsa zombo zankhondo za Adatchi zitasonkhana panyanja pa 10 Juni 1666. Chachikulu mwa izo ndi De Zeven Provinciën, dzina lotanthauza zigawo zisanu ndi ziŵiri zimene zinagwirizana kupanga dzikolo. Chinali ndi mizinga 80, ndipo munali mkulu wa ankhondo onse apanyanja, Michiel de Ruyter. Masiku amenewo kunalibe wailesi. Mkulu akafuna kulankhula ndi akuluakulu a zombo zina ankakweza mbendera, ndipo iwo ankatsikira m'mabwato aang'ono, amalinyero nawapalasira kuchombo chake. Mwambowo unali ngati wa mfumu poitanira nduna zake kubwalo: aliyense ankalandiridwa monga mwa udindo wake, namva ndi makutu ake malo amene akaime pankhondo.

Nanga ankalimbirana chiyani? Gwero la mkangano linali malonda. Adatchi ndiwo ankanyamula katundu wambiri panyanja, ndipo Angerezi, pofuna kuwatsekereza, anakhazikitsa lamulo m'chaka cha 1651 loletsa zombo za Adatchi kubweretsa ku England katundu wa maiko ena. Mkanganowo unafika ndi ku Africa komwe. M'chaka cha 1664 Angerezi analanda malinga a Adatchi m'mbali mwa nyanja kuzambwe kwa Africa, kumene mitundu iŵiriyi inkagula golide ndi akapolo. De Ruyter yemweyo anatumidwa kukawalanditsa. Choncho poyamikira kukongola kwa zombozi tisaiŵale kuti chuma china chimene zinkateteza chinachokera m'misozi ya anthu ogulitsidwa.

Maŵa lake, pa 11 Juni, inayamba nkhondo imene inatha masiku anayi. Angerezi ankatsogozedwa ndi George Monck, ndipo pambuyo pake Prince Rupert anabwera kudzamthandiza. Tsiku loyamba lomwelo Cornelis Evertsen, mkulu wa zombo za chigawo cha Zeeland, anaphedwa. Tsiku lachitatu chombo chachikulu cha Angerezi, Royal Prince, chinatitimira pamchenga. Mkulu wake George Ayscue anagwidwa ndipo chombocho chinatenthedwa. Adatchi anapambana, koma anthu zikwizikwi a mbali zonse ziŵiri anafa kapena kuvulala. Ndiye woyang'ana chithunzichi akuona amuna tsiku lomaliza asanaloŵe m'moto, ena mwa iwo osadzabwereranso kwawo.

Chimene chimapatsa ntchito ya Van de Velde mtengo ndi chakuti iye sankajambula zongomva. Ankatsagana ndi ankhondo m'kangalaŵa kakang'ono, nalemba mofulumira papepala zimene maso ake ankaona: kaimidwe ka zombo, matanga, mbendera ndi zosemasema zakumbuyo kwa chombo chilichonse. Akabwerera kumtunda ankakhala pansi ndi kusamutsira zonsezo pansalu, mzere ndi mzere. Pakuti makamera kunalibe, akatswiri a mbiri mpaka lero amadalira zojambula zake pofuna kudziŵa mapangidwe a zombo zimene zinawola kalekale.

Koma mbiri ya mmisiriyu ili ndi pokhota. M'chaka cha 1672 France ndi England anaukira dziko la Adatchi pamodzi, malonda anaima, ndipo ogula zithunzi anasoŵa. Pasanathe nthaŵi Van de Velde ndi mwana wake anasamukira ku England, kwa adani omwe aja. Mfumu Charles II inawalandira, niwapatsa malo ogwirira ntchito m'nyumba yachifumu ya Queen's House ku Greenwich, ndipo m'chaka cha 1674 inalamula kuti aliyense wa iwo azilandira mapaundi 100 pachaka: bambo azijambula nkhondo zapanyanja, mwana aziika utoto. Dzanja limene linalemekeza De Ruyter linayamba kulemekeza zombo za Angerezi.

Kodi tinene kuti anagulitsa dziko lake, kapena anangotsata kumene kunali chakudya? Mlandu umenewu tikusiyirani inu omvera kuti muuzenge. Chimene tinganene ife ndi chakuti mbali zonse ziŵiri zinamkhulupirira pa chifukwa chimodzi: chimene wachiona ankachijambula monga chinaliri. N'chifukwa chake lero zojambula za bambo ndi mwanayu zikusungidwa mwaulemu ku Amsterdam ndi ku Greenwich komwe.