Hazarika: udindo wa asilikali umene unasanduka dzina la banja

Ku Assam, kumpoto chakum'mawa kwa India, anthu awiri akhoza kukhala a Hazarika onse koma popanda ubale ngakhale pang'ono, wina Mhindu wina Msilamu. Nchifukwa chakuti dzinali silinayambe ngati mfunda wa mtundu. Unali udindo.

Mu 1228, Sukaphaa anadutsa mapiri a Patkai nakhazikitsa ufumu wa Ahom m'chigwa cha mtsinje wa Brahmaputra. Ufumuwu sunkadalira kwambiri msonkho wa ndalama. Unkadalira manja a anthu. Mwamuna wamphamvu zake, wotchedwa paik, ankapatsidwa munda wa mpunga, iye nkumabweza potumikira mfumu: kumenya nkhondo, kusema mabwato, kuunda misewu ndi kukumba maiwe. Amunawa ankawaika anayianayi, ndipo mmodzi akapita kukatumikira, atatu otsala ankamulimira munda. Akuluakulu athu akanangoti ndi thangata.

Wokonza bwino dongosololi anali Momai Tamuli Borbarua, m'nthawi ya mfumu Pratap Singha, zaka za m'ma 1600 zitangoyamba. Woyang'anira amuna 20 ankatchedwa Bora, wa 100 Saikia, wa 1,000 Hazarika, kuchokera ku liwu lakuti hazar, chikwi. Dongosolo lomweli ndi limene linapatsa Lachit Borphukan, mwana wa Momai Tamuli, asilikali amene anagonjetsa nawo ankhondo a ufumu wa Mughal pa Saraighat mu 1671.

Angerezi atatenga Assam pambuyo pa pangano la Yandabo mu 1826, utumiki wa paik unatha. Panalibenso amuna oti nkuwalamula, koma zidzukulu sizinalitaye dzina.

Amene analitchukitsa sanagwirepo mkondo. Bhupen Hazarika, wobadwira ku Sadiya mu 1926, anali woimba, wopeka nyimbo ndiponso wopanga mafilimu. Pamene ankaphunzira pa Columbia University ku New York anadziwana ndi Paul Robeson, ndipo chikoka cha woimba wachikudayo chimamveka m'nyimbo zake zodzudzula tsankho ndi kuponderezana. Chondikondweretsa nchakuti dzina la kapitawo wa ntchito yokakamiza linadzamveka patali chifukwa cha munthu woimbira anthu wamba. Bhupen anamwalira mu 2011. Mu 2019 boma linamupatsa Bharat Ratna, ulemu woposa wina uliwonse ku India. Mlatho wa Dhola-Sadiya, wa makilomita oposa 9, umene unatsegulidwa mu 2017, uli ndi dzina lake.

Enanso alipo. Atul Chandra Hazarika analemba masewero ndi ndakatulo, Jogendra Nath Hazarika anakhala nduna yaikulu ya Assam kwa miyezi yochepa mu 1979, ndipo mtolankhani Sanjoy Hazarika analembera New York Times. Mu 2024, Ayesha Hazarika, wobadwira ku Scotland m'banja lachisilamu lochokera ku Assam, analowa m'nyumba ya malamulo ya House of Lords ku London.