Mpanda wa mitengo yosaviika m'mankhwala: pamene umafera ndi mmene ungakhalitsire

M'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga, chimanga chikangochoka m'munda, mbuzi, nkhumba ndi ng'ombe zimatayiridwa kuti zidye mapesi. Nthawi yomweyo ndi pamene madimba a m'madambo amabiriwira ndi kabichi, tomato, anyezi ndi mbatatesi. Chimene chimalekanitsa ziweto ndi mbewuzo ndi mpanda basi. Nsichi imodzi ikathyoka usiku, ntchito ya miyezi itatu imatha kusanache, ndipo mlandu wake umakathera kwa nyakwawa.

Mitengo yoviikidwa m'mankhwala kufakitale, ija yooneka mobiriwira pang'ono, ndi yodula ndipo siipezekapezeka m'midzi ya m'malire. Alimi ambiri amamanga ndi bulugamu, nsungwi kapena mitengo ya m'tchire monga ilili. Mpanda wotere utha kugwa mvula ya zaka ziwiri isanathe, koma uthanso kukhala zaka zambiri. Kusiyana kwake kumayambira pa malo amodzi.

Pamene nsichi imafera

Amene anazulapo nsichi yakale amadziwa kuti siiola yonse nthawi imodzi. Pamwamba imakhala ili yolimba, kunsonga ya pansi pa dzenje nthawi zina imakhala idakali bwino, koma pamene mtengo umakumana ndi dothi pamakhala pofumbwa ngati chinkhupule. Chifukwa chake n'chakuti chimene chimaoletsa mtengo ndi nkhungu, mtundu wa bowa umene mizu yake siioneka ndi maso, ndipo nkhunguyo imafuna madzi ndi mpweya pamodzi. Pansi kwambiri mpweya umachepa. Pamwamba dzuwa ndi mphepo zimaumitsa. Pa mlingo wa nthaka, kuyambira pang'ono pamwamba pa dothi mpaka masentimita 20 kapena 30 kulowa pansi, zonse ziwiri zimapezeka kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo m'dambo chinyezi sichichoka chaka chonse. Mtengo umene chinyezi chake chili pansi pa 20 peresenti suola.

Chiswe nacho chimalowera pamalo omwewo. Chimadya m'kati n'kusiya khungu la kunja, kotero nsichi imaoneka yabwino mpaka tsiku limene ng'ombe yadzikanda pamenepo. Kumadera otentha a kumunsi, monga Moatize ndi Chiúta, chiswe ndiye mdani wamkulu. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene mvula ndi yambiri, nkhungu ndi chiswe zimagawana ntchito.

Mtengo wake ndi nthawi yodula

Mtengo uli ndi mbali ziwiri: mtima wa pakati, umene umakhala wakuda kapena wofiirira, ndi mbali yoyera ya kunja. Mbali yoyerayi imaola msanga pa mtengo uliwonse, ngakhale wolimba chotani, chifukwa ndi mmene mumakhala chakudya chimene tizilombo timafuna. Apa ndi pamene alimi ambiri amapusitsika ndi bulugamu. Bulugamu wa zaka zitatu ndi wowongoka bwino, wosavuta kunyamula, koma pafupifupi yense ndi mbali yoyera. Bulugamu wokhwima, wokhala ndi mtima waukulu, amakhalitsa kuposa pamenepo. Paini wosaviika sayenera kukwiriridwa n'komwe.

Muwanga ndi tsanya, amene pa Chipwitikizi amamutcha chanato, ali ndi mtima umene chiswe chimaulephera kwa zaka zambiri. Koma mitengo imeneyi imakula pang'onopang'ono, ikusowa, ndipo kudula kwake kumatsata malamulo a zankhalango. Ofesi ya SDAE ya boma lililonse ndi imene imafotokoza zololedwa. Mlimi amene ali nayo yochepa achita bwino kuiika m'makona ndi pachipata, pamene mpanda umakokedwa kwambiri.

Nthawi yabwino yodula ndi m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Khungwa lisendedwe mtengo ukadali wauwisi, chifukwa likatsala limasunga madzi ndi kubisa tizilombo toboola. Kenako mitengo isanjikidwe pamthunzi, pamwamba pa miyala kapena mitengo ina yopingasa, mphepo izidutsa, kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kuumitsa padzuwa lamphamvu kumang'amba bulugamu, ndipo ming'aluyo ndi njira ya madzi.

Nsungwi zikhale zokhwima, za zaka zitatu kapena zinayi. Kuziviika m'madzi kwa milungu itatu kapena inayi musanaziumitse kumachepetsa chakudya chimene chimaitana tizilombo tija totulutsa ufa.

Kuwaula, kupaka, ndi nkhani ya oyilo

Njira yakale ndi kuwaula tsinde la nsichi pamoto mpaka kunja kuchite makala ochepa. Imathandiza, ngakhale siichita zodabwitsa zimene ena amainenera. Cholakwika chofala ndi kuwaula nsonga yokha ya pansi. Mbali yowaula iyenera kufika masentimita 20 kapena 30 pamwamba pa pamene dothi lidzalekezere, chifukwa ndi pamene pali nkhondo. Moto ukhale wofatsa: mtengo ukang'ambika ndi kutentha, ntchito yawonongeka.

Amene angakwanitse kugula carbolineum kapena phula m'masitolo a zomangira apake mbali yomweyo kawiri kapena katatu, kapena aimike nsichi m'mgolo kuti zimwe usiku wonse. Mankhwalawa amalowa mu mtengo wouma wokha. Pa mtengo wauwisi amangokhala pamwamba, ndalama n'kupita pachabe. Amaotcha khungu ndi maso, choncho wopaka avale zoteteza manja ndipo agwirire ntchito panja.

Oyilo wakutha wa galimoto, njinga yamoto kapena chigayo ndi amene anthu amathamangira, poti amapezeka mwaulere. N'zoona kuti amakankha madzi kwa kanthawi. Koma oyiloyo amakhala ndi zinyalala za poizoni zochokera mu injini, ndipo mvula imazitsitsira m'dothi. Pa mpanda wa dimba, pamene chitsime chothirira chili mamita ochepa ndipo banja limamwanso madzi omwewo, phindu lake silikufanana ndi ngozi yake. Pa khola, pamene mbuzi zimanyambita ndi kutafuna mitengo, n'chimodzimodzi.

Kuzika

Dzenje likhale lakuya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa nsichi: ya mamita awiri ilowe masentimita 60. Pansi pa dzenje pathiridwe miyala ing'onoing'ono yokwana chikhatho chimodzi kuya kwake, kuti madzi asamadikhe pa tsinde. Pokwirira, dothi lisakanizidwe ndi miyala n'kusindira pang'onopang'ono, ndipo pamwamba pake paunjikidwe kachulu kotsetsereka kuti mvula izithawa mtengo. Manyowa, udzu ndi zinyalala zisalowe m'dzenjemo.

Simenti imalimbitsa, koma ili ndi msampha. Ikazungulira tsinde mpaka pansi, imasanduka chikho: mtengo ukauma umachepa, madzi amalowa pampatapo, osapeza potulukira. Amene akuthira simenti asiye pansi pa miyala potseguka.

Mutu wa nsichi udulidwe mopendeka kuti madzi azitsetsereka, popeza mtengo umamwa madzi kwambiri kumene wadulidwa. Chitini chakale chovundikira pamwamba chimagwira ntchito yomweyo. Nsungwi idulidwe pamwamba penipeni pa mfundo, apo ayi mphako yake imadzaza madzi. Mitengo yopingasa, matabwa ndi udzu wa mpanda zisakhudze dothi. Mpata wa zala zinayi ndi wokwanira, ndipo pamene pali nkhumba mpatawo utsekedwe ndi miyala osati mtengo. Waya ndi misomali zikhale zosachita dzimbiri.

Chaka ndi chaka

Mu Seputembala kapena Okutobala, mvula isanayambe, mwini mpanda afukule dothi pang'ono pa nsichi iliyonse n'kubaya ndi nsonga ya mpeni. Ikalowa mosavuta, nsichiyo isinthidwe, kapena izikidwe ina pambali pake n'kumangirira pamodzi. Tinjira ta dothi ta chiswe tikokolodwe. Udzu ulambulidwe mita imodzi kapena iwiri mbali zonse: m'dzinja umasunga chinyezi pa tsinde, ndipo m'chilimwe ndi umene umabweretsa moto wolusa, umene umatha mpanda wonse masana amodzi.

Alimi ena amabzala mpanda wamoyo m'mbali mwa wa mitengo, kuti wina akamafooka wina akhale atakula. Nthambi za gilirisidiya zimaphuka zikazikidwa mvula itayamba, ndipo masamba ake amawonjezera chonde. Khonje amatseka pansi pamene mbuzi ndi nkhumba zimadzera. Nkhadze nayo imagwira msanga, koma utomoni wake woyera umaononga maso, choncho siiyenera pafupi ndi pamene ana amasewera.