Mmene Okonda Anime Anaphunzirira Kuzindikira Dzanja la Wojambula

Pa 1 Januwale 1963, wailesi ya kanema ya Fuji ku Japan inayamba kuonetsa Tetsuwan Atom, katuni ya Osamu Tezuka imene kunja imadziwika kuti Astro Boy. Tezuka anadzisenzetsa katundu wolemera: gawo latsopano la mphindi 30 sabata iliyonse. Filimu imayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi, ndipo kampani ya Toei, imene inatulutsa Hakujaden mu 1958, inkatha miyezi yambirimbiri pa filimu imodzi. Situdiyo ya Tezuka, Mushi Production, inalibe nthawi yotero, ndalama nazo zinali zoperewera. Ndiye anachepetsa zithunzi kufika pa 8 pa sekondi, mwinanso kucheperapo. Munthu amaima chilili, pakamwa pokha n'kumagwedera.

Poti zithunzi zinali zowerengeka, wojambula anayenera kusankha: chiti chikhalitse pamaso pa woonera, chiti chingong'anima. Amene anaidziwa bwino ntchito imeneyi m'zaka za m'ma 1970 ndi Yoshinori Kanada. Anthu ake amapindika miyendo modabwitsa, amaima kaye pang'ono, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi, kuwala kuli ng'aning'ani. Chinjoka chamoto chimene anajambula mu Genma Taisen ya 1983 achinyamata akuchitsanzirabe mpaka lero. Naye Ichiro Itano, mu Macross ya 1982, anaulutsa mizinga yambiri nthawi imodzi, uliwonse ukukhota njira yakeyake n'kusiya mchira wa utsi, mpaka mchitidwewu unapatsidwa dzina: Itano Circus.

Apa m'pamene oonera anasintha. Magazini ya Animage inayamba mu 1978, makina a vidiyo analowa m'makomo, ndipo munthu ankatha kubweza tepi, kuonanso kachigawo kamene kamugwira mtima, n'kukafufuza dzina la mwini wake pa mndandanda wa kumapeto. Mawu a m'situdiyo anafika pakamwa pa anthu wamba. Genga ndi zithunzi zikuluzikulu zimene zimakhazikitsa kayendedwe. Douga ndi zodzaza pakati, ntchito imene kawirikawiri amapatsa ongoyamba kumene, n'kumawalipira pa pepala lililonse, ndalama yochepa zedi. Sakuga, liwu longotanthauza kujambula, kunja kwa Japan linasanduka dzina la kachigawo kojambulidwa mwaluso loposa.

Akira ya Katsuhiro Otomo, ya 1988, inaonetsa zimene ndalama ndi nthawi zingachite. Koma pa wailesi ya kanema liwiro la sabata ndi sabata silinathe, ndipo pena zinthu zimagwa. Zikatero ku Japan amati sakuga hōkai, kugumuka kwa zojambula. Gawo 4 la Lost Universe linaulutsidwa mu 1998 lisanapse, ndipo analijambulanso potulutsa vidiyo yogulitsa. Mu 2006, mu Yoake Mae yori Ruriiro na, mtsikana akudula kabichi kukhitchini, koma pa thabwa pali mpira wobiriwira, wosalala, wopanda tsamba ngakhale limodzi. Kabichi ameneyo anthu amamukumbukira kuposa nkhani yonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti intaneti inasokoneza kugumuka kwenikweni ndi luso. Mu 2010, gawo 167 la Naruto Shippuden, lotsogoleredwa ndi Atsushi Wakabayashi, linaonetsa nkhondo ya Naruto ndi Pain. Anthu anaimitsa kanema pamene nkhope ya Pain yakokeka ngati phula, n'kufalitsa chithunzicho akuseka. Komatu nkhope imeneyo sanaijambule kuti munthu aiyang'anitsitse. Imakhala kanthawi kochepa kuposa kuphethira, ndipo ntchito yake ndi yakuti nkhonya ikamatera, woonera aimve m'chifuwa. Ndinaonera gawolo likuyenda, kenako mwapang'onopang'ono, ndipo ndinapeza kuti kupotoka kulikonse kuli pamalo pake.

Masiku ano pa tsamba la pa intaneti la Sakugabooru okonda anime amasunga tizigawo ta masekondi ochepa, kalikonse ndi dzina la wojambula. Amazindikira Yutaka Nakamura poona mmene nthaka imaswekera m'timiyala ta makona ofanana, dzina lake lisanaoneke. Mkangano watsopano unakula mu 2019 ndi gawo 19 la Demon Slayer la situdiyo ya ufotable: ena amati kukongola kwake n'kwa kuwala ndi utoto wa pakompyuta, ena amati pansi pa kuwalako pali manja odziwa ntchito. Ine ndili ndi achiwiriwa. Mukachotsa kuwala konse kuja, mapazi a Tanjiro, ngwazi ya nkhaniyo, amapondabe molemera, ndipo lupanga limapita kumene phewa lalituma.