Manambala awiri amene droni imazungulira ku Chunga

Kupitirira Matero, kumpoto chakumadzulo kwa Lusaka, kuli Chunga, kumene mzindawu umatumiza zinthu zimene wathana nazo. Kuli dzala lalikulu la zinyalala, kuli manda, kulinso malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi. Mulu wa zinyalala ngati wa kumeneko munthu sangauyeze ndi tepi. Masiku ano ntchito yotere amapatsa droni: imazungulira chinthucho kamera itayang'ana pakati, ndipo kompyuta imalumikiza zithunzizo n'kuwerengera kutalika ndi kukula kwake.

Komatu droni sidziwa mulu, thanki kapena nsanja ya foni. Imazungulira manambala awiri osonyeza malo, amene woyendetsa waiuza kuti ndiwo pakati. Akalakwitsa ndi mamita 5 pamene droni ikuzungulira pa mtunda wa mamita 20, mbali ina imayandikira kwambiri chinthucho, mbali ina n'kutalikira, ndipo zithunzi zina zimangogwira madenga a anthu oyandikana nawo. Lusaka ili pa madigiri pafupifupi 15.4 kummwera ndi 28.3 kummawa. Kungoiwala kachizindikiro kosonyeza kummwera, manambala omwewo amaloza ku Sudan.

Manambalawa ali ndi mbiri yawo, ndipo inayamba Lusaka kulibe. Mu 1879 David Gill anakhala mkulu wa malo oonera nyenyezi ku Cape Town, ndipo anali ndi maloto oyeza Africa kuchokera kummwera mpaka ku Egypt motsata mzera wa madigiri 30 kummawa. Asaveya ankakwera mapiri, n'kumanga zipilala pamwamba pake, n'kuyeza ngodya kuchokera pa phiri lina kukafika pa linzake. Kuyambira 1903 mpaka 1906 gulu lotsogoleredwa ndi Tryggve Rubin wa ku Sweden linagwira ntchitoyi ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, katundu yense ali pamitu ya amtengatenga amene mayina awo sanalowe m'mabuku. Mkati mwa zaka zomwezo, mu 1905, njanji inafika pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka ya Alenje. Mzerawo unatha kuyezedwa mu 1954, ndipo m'miyeso imeneyo ndi m'mene munachokera dongosolo lotchedwa Arc 1950, limene mapu a boma la Zambia anatsamirapo zaka zambiri.

Amene ankapindula ndi miyeso yolondolayo anali ochepa. Pulani ya Stanley Adshead ya mu 1931 inajambula mzinda wa misewu yotakata ndi mitengo, ndipo likulu linasamuka kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935. Mapuloti a azungu anali ndi mabikoni pa ngodya iliyonse. Anthu akuda ankaonedwa ngati alendo odzagwira ntchito amene tsiku lina adzabwerera kumudzi. Matero inamangidwa ndi khonsolo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1950, koma nyumba zake sizinakwane. Otsalawo anakamanga pa mafamu a azungu amene ankalipiritsa lendi ya malo, n'chifukwa chake makomboni ena mpaka lero amadziwika ndi mayina a eni mafamuwo, monga George, John Laing ndi John Howard. Pa mapu, malo okhala anthu zikwizikwi ankaoneka ngati famu imodzi ya munthu mmodzi.

Ufulu utabwera mu 1964, anthu anakhamukira mumzinda ndipo makomboni anafufuma. Poyamba boma linkaganiza zogwetsa ndi kusamutsa; Mtendere inatsegulidwa mu 1967 kuti ilandire anthu ochokera m'malo ngati Kalingalinga, koma Kalingalinga sinathe ayi. Zinthu zinatembenuka mu 1974, pamene nyumba ya malamulo inakhazikitsa Housing (Statutory and Improvement Areas) Act, ndipo World Bank inabwereketsa ndalama zokonzera George, Chawama, Chaisa ndi Chipata. Apa ndi pamene nyumba ya m'komboni inayamba kuonedwa kuchokera kumwamba. Zithunzi zojambulidwa pa ndege zinathandiza kuwerenga madenga, nyumba iliyonse inapatsidwa nambala, ndipo mwini wake ankatha kulandira chiphaso chokhalira pamalopo kwa zaka 30. Chiphasocho sichinkatchula malire a puloti. Chinkangoti nyumba yakutiyakuti ili apa. Njira za misewu ankasankha poyenda wapansi, akatswiri pamodzi ndi atsogoleri a m'deralo, ndipo amene nyumba zawo zinagwa m'njira anapatsidwa malo ena, monga ku Lilanda. Ntchito ya masiku amenewo inali yochedwa, koma inali ndi ubwino umodzi umene zida zatsopano zilibe: amene ankaika chizindikiro pa pepala anali atayang'anana maso ndi mwini nyumba.

GPS inasintha zonse. Mpaka mu May 2000 asilikali a ku United States ankasokoneza dala zizindikiro zake kwa anthu wamba, moti chida chinkatha kuphonya ndi mamita 100. Atasiya, kuphonyako kunatsika kufika pa mamita ochepa. Koma panabuka vuto lina losaonekera msanga. GPS imagwiritsa ntchito dongosolo la WGS 84, osati Arc 1950, ndipo ku Lusaka manambala amodzimodzi m'madongosolo awiriwa amaloza malo otalikirana mamita opitirira 100. M'komboni mtunda umenewo ndi nyumba zambirimbiri. Wotenga manambala pa mapu akale n'kuwalemba mu droni osawasintha angazungulire bwinobwino chimbudzi cha mwini.

N'chifukwa chake oyendetsa odziwa ntchito sakhulupirira msanga manambala a papepala kapena a pafoni. Amakweza droni pamwamba penipeni pa chinthucho, kamera itaweramira pansi, n'kusunga malowo ali mumlengalenga. Amadziwanso kuti pa chithunzi cha setilaiti nsanja yaitali imaoneka yopendekeka, choncho pakati pake ndi pa tsinde, osati pa nsonga. Ntchito ikakhala ya malire a malo, amayala zizindikiro pansi n'kuziyeza ndi zida za RTK zimene zimaphonya ndi masentimita ochepa chabe.

M'zaka zaposachedwa makomboni ajambulidwa kwambiri kuposa kale lonse. Mu 2018 unduna woona za malo unagwirizana ndi kampani ya Medici Land Governance kuti ayesere kupereka zikalata za malo 50,000 mu Lusaka, ndipo zithunzi za droni zinali maziko a ntchitoyo. Mu 2021 bungwe la Ordnance Survey la ku Britain linagwiritsa ntchito zithunzi za pa ndege ndi makompyuta kupanga mapu a Lusaka a dera la masikweya kilomita 420, cholinga chachikulu chili pa makomboni.

Mabikoni a konkire aja sanathe ntchito. Saveya wolemba malire amayenerabe kulumikiza miyeso yake ku zizindikiro za boma zokhazikika pansi, ndipo womanga mpanda amene wazula bikoni chifukwa yamutsekera njira wapalamula mlandu pansi pa Land Survey Act.