Permaculture: kuyamba munda wopirira chilala ku Mecanhelas

Permaculture ndi ulimi wosunga madzi ndi chonde m'nthaka, wodzala mbewu zosiyanasiyana pamunda umodzi osadalira feteleza wogula. Unayambitsidwa ndi Bill Mollison ndi David Holmgren ku Australia m'zaka za m'ma 1970.

Kuno ku Mecanhelas chilala si chachilendo. Nyanja ya Chilwa, ya m'malire ndi Malawi, inaphwa mu 1995, ndipo El Niño wa 2023/2024 anaumitsa chimanga m'maiko ambiri a kumwera kwa Africa.

Yambani ndi kamunda kakang'ono pafupi ndi nyumba. Pamalo otsetsereka kumbani ngalande zopingasa kuti madzi a mvula azilowa pansi. Madzi otsukira mbale muzithira pa nthochi. Mapesi musawotche, phimbirani nawo nthaka kuti chinyontho chikhalitse. Pakati pa chimanga dzalani nandolo ndi khobwe, ndipo patulani malo a mapira, chinangwa ndi mbatata, mbewu zopirira dzuwa. Mtengo wa nsangu musadule: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchinga mbewu koma umawonjezera chonde.

Nthaka yoguga sibwerera chaka chimodzi. Komabe chimanga chikakanika, banja limapeza china chophika.