Kuchepa kwa Akhristu mu Mpingo wa Church of Scotland

Church of Scotland ndi mpingo wa chipresbateria umene unayamba mu 1560, pa nthawi ya John Knox. Ndi mpingo womwewu umene unatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876, kumene kunaphukira Sinodi ya Blantyre ya CCAP. Lero kwawo ku Scotland mpingowu ukutha mphamvu, ngakhale palibe akuuzunza kapena kuuletsa kulalikira.

Cha m'ma 1950 unali ndi mamembala oposa 1.3 miliyoni. Pofika 2022 anali osakwana 300,000, ambiri mwa iwo okalamba. Kalembera wa 2022 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'dzikolo, 51 alibe chipembedzo, ndipo 20 okha ndi amene anati ndi a mpingowu, pamene mu 2001 analipo 42.

Katswiri wa mbiri yakale Callum Brown, m'buku lake la 2001 lotchedwa The Death of Christian Britain, akuti zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1960, makamaka pamene amayi achitsikana anayamba kutalikirana ndi tchalitchi. Mfundoyi ndi yomveka. Amayi ndi amene ankaperekeza ana ku Sande sukulu ndi kuwaphunzitsa kupemphera asanagone. Iwo atasiya, kunakula mbadwo umene sunakangane ndi mpingo, koma sunaudziwe n'komwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti munthu wotere n'ngovuta kumufikira kuposa wotsutsa, chifukwa alibe funso lililonse loti m'busa amuyankhe.

Miyambo imene inkakokera anthu kutchalitchi nayonso yapeza eni ena. Kuyambira 2005, malamulo amalola magulu osapembedza otchedwa humanist kumangitsa maukwati, ndipo tsopano maukwati awo amachuluka kuposa odalitsidwa mu Church of Scotland.

Nkhani ya maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha inagawanitsa mpingo. Boma linawavomereza mu 2014, ndipo mu May 2022 Msonkhano Waukulu wa mpingo unalola abusa ofuna kuwadalitsa kutero, ndi mavoti 274 kwa 136. Mipingo ina ya pamalo inali itatuluka kale chifukwa cha mikangano yokhudzana ndi nkhani zoterezi. Ena amati mpingo ukagonjera dziko umataya uthenga wake, ena amati ukakana umataya achinyamata. Chiwerengero chinkatsika chigamulochi chisanachitike ndipo chapitirira kutsika.

Kuchepa kwa anthu kwachepetsanso chopereka ndi abusa. Mu 2021 mpingo unagwirizana zochepetsa malo a utumiki kufika pafupifupi 600, ndipo mipingo yoyandikana ikuphatikizidwa pansi pa m'busa mmodzi. Matchalitchi ambiri amiyala, odula kukonza ndi kutenthetsa m'nyengo yozizira, aikidwa pamalonda. Ena amasanduka nyumba zogona. Tchalitchi chakale cha Kelvinside ku Glasgow, chomwe tsopano chimatchedwa Òran Mór, ndi malo omwera mowa ndi kuonerera zisudzo kuyambira 2004.