Kachipewa ka pa w: mbiri ya ntchito yosindikiza kuno kumpoto

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, ndi inu achimwene ndi achemwali amene munabwera m'mbuyo mwathu, akuluakulu a bungwe lathu anandipempha kuti ndilembeko za ntchito imene ndaigwira chisiyireni sukulu, ndiyo yosindikiza. Ndinayamba ndi makina otayipira ndi sitensulo, ndipo tsopano muukalamba uno ndimachoka kunyumba ku Chibanja m'mawa kukathandiza ophunzira m'chipinda chosindikizira cha pa koleji ina muno mu Mzuzu. M'malo mokusimbirani za ine, ndaona kuti ndi bwino ndisimbe za ntchitoyo, kumene inachokera, ndiponso funso limodzi limene yankho lake lakhala likusintha zaka zonsezi: kodi chilembo chikalakwika papepala, mlandu ndi wa yani?

Ntchitoyi inafika kuno kumpoto ndi amishoni a Livingstonia. Iwo anayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anakwera phiri kukayamba sukulu ya Overtoun ku Khondowe. Pasukulupo sankaphunzitsa aphunzitsi ndi alaliki okha. Panalinso anyamata ophunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kutumiza mauthenga a pa waya, kusindikiza ndi kusoka mabuku. Mu 1897 mishoniyi inayamba kutulutsa nyuzi ya m'Chingerezi yotchedwa The Aurora, ndipo mu 1908 kunabwera Livingstonia News. Koma zimene zinafika m'manja mwa agogo athu ndi timabuku ta sukulu ndi ta nyimbo m'Chitumbuka ndi m'Chitonga. Kummwera anali atayamba kale: mishoni ya Blantyre inali ndi nyuzi yake kuyambira 1888, boma linayamba Gazette yake ku Zomba mu 1894, ndipo mu 1895 kunabadwa Central African Planter, gogo wake wa Daily Times. Nthawi yonseyi Mzuzu kunalibe. Tauni yathuyi inayamba cha m'ma 1947 ndi minda ya mitengo ya tung.

Ndiyenera kufotokoza pang'ono momwe mnyamata wa ku Khondowe ankagwirira ntchito, chifukwa ana a masiku ano amaganiza kuti kalekale kunalinso batani lodina. Chilembo chilichonse chinali kachitsulo pakokha, kopangidwa ndi mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina, ndipo chinkakhala m'kachipinda kake m'thireyi yathabwa. Wosanja zilembo ankatola chimodzichimodzi ndi dzanja lamanja ndi kuchiika m'kachikombole kamene wagwira kumanzere. Zilembozo zimakhala zotembenuka ngati za pagalasi, choncho iye ankawerenga mzere wake uli chadodolido. Ngakhale mpata wa pakati pa mawu unali kachitsulo. Tsamba likakwana ankalimanga m'felemu yachitsulo ndi kulipana zolimba, poti likamasuka ntchito ya tsiku lonse inkamwazika pansi. Akatha kusindikiza, chilembo chilichonse chinkabwerera m'kachipinda kake, ndipo woika b m'malo mwa d ankasokoneza mnzake wa mawa lake. Njira imeneyi ndi yomweyo imene Johannes Gutenberg anayamba ku Mainz cha m'ma 1450, ndipo ine ndinaipezako ikutha, m'manja mwa madoda amene zala zawo zinali zitada ndi inki mpaka m'zikhadabo.

Madodawo anali ndi lamulo limodzi losaphwanyika. Asanasindikize mapepala ambiri ankayamba atulutsa limodzi loyesera, lija osindikiza amalitcha pulufu. Mmodzi ankawerenga mokweza zimene mwini nkhani analemba, wina akutsatira ndi pensulo papepala loyeseralo. Kenaka mwini nkhani ankaliona ndi kusayina. Choncho mawu aliwonse ankadutsa pa maso a anthu atatu kapena anayi asanafike kwa owerenga, ndipo chilembo chikalakwika aliyense ankadziwa khomo lokagogoda.

Apa ndi pamene kachipewa ka pa w kakulowera. Ife olankhula Chichewa ambiri tinaleka kukalemba, ngakhale kuti malamulo a kalembedwe amene a Chichewa Board anatulutsa anali nako, ndipo achikulire mukukumbukira dzina la Malaŵi lili ndi chipewa chake pa ndalama za pepala za nthawi ya Kamuzu. Koma m'Chitumbuka kachipewaka si kokometsera. "Wakwiza" ndi munthu mmodzi akubwera, pomwe "ŵakwiza" ndi anthu ambiri, kapena munthu wamkulu amene tikumpatsa ulemu. Mukachotsa kachipewako pa dzina la bambo wa mwini, mwamutchula ngati kamwana. Wosindikiza wa zilembo za mtovu ankafunika kukhala ndi kachitsulo kapadera ka chilembochi, ndipo mukatsegula buku lililonse la Chitumbuka mudzaona kuti tsamba limodzi limadya zilembo zimenezi zambirimbiri.

Ife a msinkhu wanga tinakulira pa sitensulo. Makina a Gestetner, amene anatenga dzina la David Gestetner yemwe anayamba ntchitoyi ku London cha m'ma 1881, ndiwo ankatulutsa mayeso athu a pa teremu, mndandanda wa zofunika kubwera nazo kusukulu, ndi kalata za fizi zimene makolo athu ankaziopa. Mlembi ankachotsa liboni pa makina otayipira kuti chilembo chiboole phula la pa sitensulo. Akamenya mwamphamvu, chilembo cha o chinkathothoka pakati ndi kutuluka ngati dontho lakuda. Akalakwa ankapaka mankhwala ofiirira onunkha ngati opaka m'zikhadabo, kudikira kuti aume, ndi kumenyanso. Nonse mukukumbukira fungo la pepala la mayeso longotuluka kumene, ndiponso mphunzitsi akuzungulira m'kalasi kuwerenga funso lachitatu chifukwa inki sinagwire. Makina otayipira ochokera ku Ulaya analibe ŵ, ndiye mlembi wosamala ankajambula kachipewako ndi kachitsulo kosongoka, chimodzichimodzi, atatha kutayipa. Waulesi ankangokasiya. Ndikuganiza kuti chizolowezi cholemba w wopanda chipewa chinakula chifukwa cha makinawa kuposa chifukwa cha lamulo lililonse.

Komabe lamulo nalo linalipo. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo zikhale zilankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'nyuzi za boma mpaka 1994. Chinatsala m'mabuku a tchalitchi basi. Chaka chomwecho cha 1968 kunabweranso lamulo lounika mabuku ndi mafilimu. Pamwamba pa izi panali lamulo lakale la mu 1947 lokhudza zosindikizidwa, lonena kuti buku lililonse lionetse dzina ndi malo a amene alisindikiza, ndipo kope limodzi lipite kosungira mbiri ya dziko ku Zomba. Tanthauzo lake linali lakuti wolemba akhoza kubisala koma wosindikiza sangabisale.

Zimenezi zinaoneka poyera mu 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, Lamlungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula kayendetsedwe ka dziko inawerengedwa m'matchalitchi onse. Inasindikizidwa ku Balaka kwa ansembe a Montfort, makope 16,000, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu woukira, ndipo pasanapite nthawi achinyamata a chipani anakayatsa moto nyumba yosindikizirayo. Kuno ku Mzuzu nkhaniyi inatikhudza pafupi, popeza Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, anathamangitsidwa m'dziko mu Epulo chaka chomwecho. Koma kalata ija sinathe. Makina a fotokope ndi a fakisi anali atafika kale m'maofesi, ndipo makinawa salemba dzina la mwini pansi pa tsamba. Mapepala ankayenda m'masokosi ndi m'matumba a ufa. Pambuyo pa referendamu ya pa 14 Juni 1993 nyuzipepala zinaphuka ngati bowa, zoposa 20, ndipo The Nation inayamba mu Julaye chaka chomwecho. Zambiri mwa izo zinafa msanga, zina zinali zamabodza okhaokha, koma zinatheka chifukwa munthu mmodzi wokhala ndi kompyuta ankatha kusanja tsamba lonse payekha.

Luso limenelo linayambira ku America mu 1985, pamene pulogalamu ya PageMaker inatuluka pamodzi ndi makina osindikizira a LaserWriter a kampani ya Apple. Mu 1993 kampani ya Adobe inatulutsa PDF, mtundu wa fayilo umene umasunga tsamba momwe mwini walikonzera. Ntchito ya wosanja zilembo, ya wowerenga mokweza ndi ya wogwira pensulo zonse zinalowa m'bokosi limodzi. Ndi zabwino, sindikana. Pulogalamu ya ukwati imene ikadatenga sabata tsopano imatuluka masana omwewo. Koma anthu atatu aja anachoka osasiya wolowa m'malo. Woyendetsa makina lero amalandira fulashi, kutsegula fayilo ndi kudina. Sawerenga, ndipo nthawi zambiri salipidwa kuti awerenge. Mlandu wonse unasamukira kwa amene wabwera ndi fayilo, ndipo ambiri sanauzidwe kuti ausenza.

Kachipewa kathu kanavutikanso pa makompyuta oyambirira. Iwo ankadziwa zizindikiro 256 zokha panthawi imodzi, zokwanira Chingerezi, Chifalansa ndi Chijeremani, ndipo ŵ munalibe. Kanapeza malo mu Unicode, mndandanda waukulu wa zilembo za dziko lonse umene unayamba mu 1991, ndipo tithokoze anthu a ku Wales amene chilankhulo chawo chili ndi chilembo chomwechi. Koma mpaka lero si mitundu yonse ya zilembo imene ili nacho, makamaka ija yokongoletsa imene achinyamata amaikonda pa makhadi. Ndinaonapo pulogalamu ya maliro a mayi wina wachikulire, yosindikizidwa usiku pamalo ena m'tauni muno, momwe ŵ aliyense anatuluka ngati kabokosi kopanda kanthu. Pa kompyuta ya mdzukulu amene anaikonza zonse zinali bwino. Kompyuta ya kosindikizira inalibe mtundu wa zilembo umene iye anasankha, ndiye inaika wina. Makope onse anali atapindidwa kale, galimoto yonyamula thupi ikudikira, ndipo achibale anakhala pansi ndi zolembera kukonza ndi manja, monga mlembi wa sitensulo uja. Kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe ndi m'mudzi nako nthawi zina kamasanduka tizilembo titatu tachilendo fayilo ikadutsa m'makina osagwirizana.

Tsono zimene ndimaphunzitsa m'chipinda chathu ndi ntchito ya madoda a ku Khondowe yomweyo, kungoti dzina lasintha. Choyamba ndi kukula kwa pepala. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa pepala la ku America lotchedwa Letter, la mamilimita 216 ndi 279, pomwe ife timagula A4, la mamilimita 210 ndi 297. Kusiyana kwa mamilimita 18 m'litali n'kokwanira kukankhira mzere womaliza patsamba lina ndi kusokoneza manambala a masamba a lipoti lonse. Fayilo isungidwe ngati PDF zilembo zake zili momwemo, ndipo mwini aitsegule pa kompyuta ina asanabwere nayo.

Zithunzi ndizo zimatikanganitsa kwambiri. Chithunzi chosindikizidwa bwino chimafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse. Chokhala ndi timadontho 600 m'lifupi chimangokwana mainchi 2, ndiye masentimita 5, ndipo mukachikoka kuti chidzaze tsamba nkhope ya agogo imasanduka njerwa. Zithunzi zotumizirana pa WhatsApp zimachepetsedwa panjira, choncho ndimawatuma ophunzira kukatenga chenicheni kwa amene anajambula. Mitundu nayo imanamiza. Galasi la kompyuta limapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pomwe makina amasakaniza inki zinayi: ya buluu wowala, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Kubiriwira kowala kumene mwana wakukonda pagalasi kumatuluka kozimiririka papepala, ndipo amaganiza kuti tamubera inki. Ngati mtundu ukufika m'mphepete mwa tsamba, upitirire ndi mamilimita 3 mbali zonse kuti mpeni wodulira usasiye kamzere koyera.

Chimene chimawadabwitsa kwambiri ndi kasanjidwe ka kabuku. Pepala limodzi likapindidwa pakati limabala masamba 4, ndiye kabuku kopinda kamakhala ndi masamba 4, 8, 12 kapena 16, osati 10. M'kabuku ka masamba 8, tsamba 8 limagona pambali pa tsamba 1, ndipo 2 limagona ndi 7. Mnyamata wa ku Overtoun ankadziwa zimenezi pamtima asanaloledwe kugwira felemu. Ine ndimawapatsa mapepala awiri opanda kanthu kuti apinde, alembe manambala ndi pensulo, kenaka afunyulule aone okha.

Pomaliza pake timatulutsa kope limodzi lokha. Mmodzi amawerenga mokweza, mnzake akutsatira ndi pensulo, ndipo ngati nkhaniyo ndi ya m'Chitumbuka wowerenga akhale wolankhula Chitumbuka. Mwini ntchito amasayina pakona ndi kulemba tsiku, ndipo pepalalo timalisunga m'kabati kwa teremu yonse. Ena amang'ung'udza kuti tikuwawonongera ndalama ya pepala ndi theka la ola, makamaka sabata yopereka malipoti pamene mzere umafika panja ndipo magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse. Amene sanasayine timamuuza akhale pa benchi awerenge kaye, tithandize wotsatira.